Hita ya m'pikapu ya bambo pa chikweza cha Thabwa

Ku Ngabu ukauza munthu kuti ukukonza hita ya galimoto, amayamba wakuyang'ana kumaso kuti aone ngati mutu ukuyenda bwino. Kwathu kuno mwezi wa Okutobala ngakhale mbuzi zimathawira pansi pa ngolo, chiwongolero sichigwirika masana, ndiye wina n'kumati akufuna chotenthetsera m'galimoto? Ine ndinaikonza, ndipo anandiseka mpaka anyamata a kabaza pamsika.

Galimotoyo inali pikapu ya bambo, yakalekale, ya mphuno yaitali, imene ankanyamulira thonje ife tili ana. Inakhala zaka zambiri pansi pa mtengo wa masau kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira mazira pampando. Chimene chinaiimitsa tonse tinkachidziwa, koma sitinkachitchula. Pa ukwati wa mlongo wanga ku Blantyre, ife tinatsogola pa basi dzulo lake, bambo n'kunena kuti abwera m'mawa pa galimoto yawo ndi mbuzi zapaphwando. Pikapu inawira pa chikweza cha Thabwa, injini n'kuuma. Anafika madzulo pa lole ya makala, anthu akusonkhanitsa mipando, mwana wawo atalowetsedwa kale m'tchalitchi ndi munthu wina. Mlongo wanga sanawadzudzule. Koma chithunzi cha ukwatiwo chili pakhoma mpaka lero, ndipo bambo mulibemo.

Tsono mwana wamkazi wa mlongo wangayo atalengeza ukwati wake, komwekonso ku Blantyre, bambo anamenyetsa ndodo pansi.

"Ine ndipita pa galimoto yanga. Ikakana, sindipita."

Munthu woti maso akuona mwachimbuuzi, kuyendetsa anasiya kalekale! Tinawanyengerera, ayi ndithu. Ndiye ntchito inatigwera ife awiri, ine ndi achimwene anga aakulu amene tili nawo kagalaja m'mbali mwa msewu waukulu.

Koma ndiye ndinasangalala bwanji! Tinaikoka ndi ng'ombe mpaka kugalaja, nkhuku zikutitukwana. Injini tinaitsitsa, kuiphwasula yonse, zitsulo zina kukazisaka ku Limbe. Tsiku limene inalira koyamba ndinadumpha ngati timu yathu yagoletsa, bambo atakhala pa tayala akungopukuta m'maso.

Mkangano unayambira pansi pa dashibodi. Ndinapezako kabokosi kadzimbiri, m'kati mwake muli karediyeta kakang'ono ngati njerwa ndi kafani. Mapaipi ake awiri anali odulidwa, ndipo pamene ankatulukira pa injini panali pokhomedwa zikhomo za mtengo wa tsanya. Bambo anavomera okha, monyadira.

"Ndinadula ndine, nditangoigula. Za anthu a ku Thyolo izo, kwa chifunga."

Sanali okha. Galimoto yakale iliyonse imene inatsikira kuchigwa kuno inadulidwa chimodzimodzi.

Achimwene ali ndi kagalimoto kawo kakale kobulungira ngati kamba, injini kumbuyo, kopanda rediyeta, kozizira ndi mphepo basi. Amakakonda kuposa alamu anga, ndikunena ine. Hita yake ndi ya mpweya: mphepo imadutsa m'chitini chokuta ekizosi, n'kutenthedwa, n'kutulukira kumapazi. Atandipeza ndikupala karediyeta kaja anagwira m'chiuno.

"Iwe, zisiye zimenezo. Ngati hita wayifunitsitsa, tiwotcherere chitini pa ekizosi ngati yanga ija, pofika madzulo tatha. Mpweya sudontha, suwira, suchita dzimbiri."

"Sudontha koma umanunkha," ndinawayankha. "Yanu ija kachitseko kake kotsekera mpweya wotentha munamanga ndi waya, komabe pofika ku Nchalo mapazi amakhala atapsa ngati mbatata, maso akuyabwa ndi utsi."

"Nanga iwe? Ukufuna kuika rediyeta yachiwiri pa maondo a bambo! Madzi otentha a mu injini azizungulira m'kati mwa galimoto, ku Ngabu kuno? Udzawaphika madala."

Kunena zoona, chifukwa chomveka ndinalibe. Ndinkangofuna kuti kabatani kalikonse kagwire ntchito ngati mmene kankagwirira galimoto ili yatsopano, komanso ine munthu akandiletsa chinthu m'pamene ndimachigwira ndi manja awiri. Karediyeta kaja ndinakaviika m'madzi a bwemba mpaka zinyalala zinatuluka, pobooka ndinamata, n'kugula mapaipi atsopano. Zikhomo za tsanya zija ndinazula ndi pulayala, achimwene akuuza aliyense wodutsa kuti mng'ono wawo watsegula bekale.

Tsiku la ukwati tinapangana kunyamuka kusanatenthe. Koma bambo anati mbuzi ziwiri zikwere, monga kale, ndipo imodzi inadula chingwe n'kuthawira m'munda wa mapira. Pamene tinkaigwira dzuwa linali litakwera kale. Ine ndinakhala pachiwongolero, bambo pambali panga atavala suti yawo yotuwa, achimwene kumbuyo ndi mbuzi ndi chigubu cha madzi.

Pachigwa pikapu inauluka, amwene! Tinadutsa minda ya nzimbe mphepo yotentha ikutimenya kumaso, ana akutikuwira m'mbali mwa msewu, bambo akukweza dzanja ngati munthu wa kampeni. Tinawoloka Shire, n'kuyamba kukwera.

Pa dashibodi pali kamuvi kosonyeza kutentha kwa injini. Pa makona oyamba kanali pakati. Kenaka tinakodwa kumbuyo kwa lole yodzaza matumba imene inkakwawa, popitirira palibe, mphepo yosiya kulowa kumphuno. Kamuvi kanayamba kuyenda. Ndinasintha giya, kanapitirirabe. Ndinayamba kumva fungo lija la injini yotentha. Kuima kunali kotheka, koma injini yotero sutsegula rediyeta msanga, umadikira izizire, ndipo pomadzanyamuka ukwati ukanakhala utadalitsidwa.

Bambo anali atasiya kukweza dzanja. Anayang'ana kutsogolo kumene msewu ukukhota pafupi ndi thanthwe, n'kunena motsitsa mawu, "Ndi paja."

Ndinachita mantha kuposa tsiku lina lililonse pamsewu. Sindinkaopa injini, injini timakonza. Ndinkaopa kuwaona atakhalanso pamwala womwewo ndi suti, akudikira lole ya makala.

Mwadzidzidzi denga linalira, gu! gu! gu! Achimwene anali atasuzumira pa kawindo kakumbuyo n'kuona kamuvi kakuyandikira pofiira.

"Yatsa bekale yakoyo!" anakuwa.

"Achimwene, si nthawi yoseka ino!"

"Ndani akuseka? Rediyeta yachiwiri ija, iwe! Tsegula yonse, fani mpaka kumapeto, itulutse moto mu injini!"

Ndinakoka kabatani. Mayo ine! Chimene chinatuluka pansi pa dashibodi sichinali mphepo ayi, unali moto wopanda lawi. Masana a Okutobala, mawindo onse otsegula, ife tikuotha. Thukuta linandilowa m'maso, nsapato zinayamba kundiluma. Ndinati, "Bambo, vulani jekete." Anandiyankha kuti ku ukwati savula jekete, ndiyang'ane msewu.

Kamuvi kanaima. Sikanabwerere, kanangoima, kakunjenjemera pa mzere wofiira. Tinakhota pa thanthwe lija injini ikubuula, mbuzi zikulira kumbuyo. Kenaka lole ija inapatukira pambali n'kutipatsa mpata, ndipo nditaponda kamuvi kanatsika pang'ono, n'kutsikanso.

"Kakutsika!" ndinakuwa. "Achimwene, kakutsika!"

Denga linaliranso, tsopano ndi manja onse awiri. Bambo anatulutsa ndodo pawindo n'kumakwapula chitseko ngati akuthamangitsa ng'ombe pangolo. "Tiye! Tiye, nkhalamba mnzanga! Pyadidi, zabwino zedi!" Ine huta sindinasiye kuiliza, pipiii! Anthu ogulitsa makala m'mbali mwa msewu ayenera kuti anati amisala athawa kuchipatala. Tinaseka mpaka misozi inasakanikirana ndi thukuta, chigwa chonse chili pansi pathu, Shire ikunyezimira kutali.

Titafika pamwamba, kamphepo kozizira katayamba kulowa, ndinatseka hita. Bambo anayang'ana kabokosi kaja pafupi ndi maondo awo.

"Ndiye tsiku lija," anatero, "ndikanakhala kuti sindinadule mapaipi..."

"Sindikudziwa, bambo. Mwina."

Bodza sindikanawauza, ndipo sanafunsenso.

Pa tchalitchi tinapeza anthu akali panja, kwaya ikuyeserera, mkwatibwi asanatsike m'galimoto. Huta ya pikapu ija ili ndi mawu akeake, osasa ngati bakha. Nditaiimba, mzimayi wina wovala nsalu ya ukwati anatembenuka pakhomo la tchalitchi n'kuima chilili. Anali mlongo wanga, imvi zitayamba kale m'mphepete mwa duku. Anayang'ana galimoto, mbuzi, achimwene oyera ndi fumbi, kenaka anathamanga, nsapato imodzi n'kutsala m'mbuyo.

Bambo anatsika okha, anakana dzanja langa. Suti inali itanyowa msana wonse ngati agwera m'madzi. Anakonza tayi, n'kuima chowongoka pamaso pa mwana wawo.

"Ndachedwa, mwananga," anatero.

Mlongo wanga anawagwira manja onse awiri, akulira, akusekanso. "Lowani, bambo. Mpando wanu uli kutsogolo."

Achimwene mpaka lero amati hita ya mpweya ndiyo yabwino, ndipo kuti nzeru ya tsiku lija inali yawo, ine ndinangokoka kabatani. Ndimawasiya. Chithunzi chatsopano tinachipachika pambali pa chakale chija. Bambo alimo, pakati penipeni, jekete litada ndi thukuta m'khwapa monse.