Achemwali Anga ndi Lole ya Masiku Asanu

Achemwali anga akhala akusunga katundu pa fakitale ya sopo kwa zaka 19. Ndinawafunsanso dzulo kuopa kulemba zabodza, akuti mwezi wamawa zikwana 20. Chipinda chawo chili kuseri kwa makina, chilibe zenera, ndipo fungo la mafuta limawaperekeza mpaka kunyumba. Ukawafunsa kuti makatoni atsala angati, amangoponya diso pamulu n'kutchula nambala. Ukawerenga wekha umapeza kuti aphonya ndi awiri kapena atatu basi.

Chaka chatha kunabwera bwana watsopano. Analamula kuti wosunga katundu aliyense akhale ndi satifiketi ya kayendetsedwe ka ntchito, apo ayi apereke malo kwa amene ali nayo. Achemwali analemba mayeso kawiri, kawiri konseko osakhoza. Bwana anawauza kuti kachitatuka n'komaliza.

Poti ine ndimaphunzitsa masamu kusekondale, mtolowo unagwera ine. Iwo anagula kabuku ka mafunso akale, komwe pansi pa funso lililonse anayalapo njira yonse yopezera yankho. Loweruka lililonse masana tinkakhala patebulo la pabalaza pawo, alamu ali chapambali ndi wailesi yawo.

Funso limene linandidwalitsa mutu ndi ili. Fakitale imagwiritsa ntchito makatoni 40 pa tsiku. Lole yobweretsa makatoni imatenga masiku asanu. Kodi wosunga katundu aitanitse ena akatsala angati?

"320," anatero achemwali, osagwira n'cholembera chomwe.

"Achemwali, taonani m'bukumu. 40 kuchulukitsa ndi 5. Yankho ndi 200."

"Iwe, lole yake iti yofika masiku asanu? Unaionapo?"

"Funso latero."

"Funsolo likunama. Dalaivala akaphulitsa tayala, tsiku lapita. Akafika Lachisanu madzulo, otsitsa katundu aweruka, mpaka Lolemba. Nanga makatoni apansi aja, onyowa aja, awawerengera pati?"

"Mulibe makatoni onyowa m'funsomu!"

"Ndiye kuti wolembayo sanasungepo katundu chibadwire."

Alamu anatsitsa wailesi. "Aphunzitsi, musataye malovu. Awatu anakonza ndi malumbiro a ukwati omwe, abusa ataima pomwepo."

"Inu bambo, mverani mpira wanu," achemwali anawadula.

Ndinapempha kuti ndione mapepala amene ankayesererapo ndisanabwere, ndipo m'pamene ndinamvetsa chomwe chinkawagwetsa. Masamu ankawadziwa ndithu, pena kuposa ana anga a folomu 4. Koma funso lililonse ankayamba alikonza kaye. Pa funso la makasitomala oima pamzere, anawonjezera mphindi khumi za kalaliki wopita kukamwa tiyi. Pa funso la makina, anakanitsitsa zoti angagwire maola asanu ndi atatu magetsi osazima, ndipo m'mphepete mwa pepala analembamo malangizo opita kwa wochonga mayeso.

Ndivomere kuti tsiku lina ndinakweza mawu, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo kwa iwo.

"Wochongayo ali ndi pepala la mayankho basi! Akapanda kuona 200, akuthethani. Mukufuna mudzakhale olondola muli pakhomo, ana awiri akadali pasukulu?"

Iwo anati, "Ndiye wabwera kudzandiphunzitsa bodza, mwana wa amayi iwe."

"Kwa maola atatu okha, achemwali. Mukatuluka m'mayesomo mukapitirize zoona zanuzo."

Masabata asanu ndi limodzi otsalawo anali owawa kwa tonse. Ankalemba motsatira bukulo, koma mzere uliwonse ankatsonya. Kangapo konse ndinawapeza atalemba yankho lolondola, pansi pake atalembanso lawo ndi tizilembo ting'onoting'ono. Ndinkangowapatsa labala.

Tsiku la mayeso ndinakawadikira pageti. Anatuluka nkhope itakwinyika.

"Zayenda bwanji?"

"Ndalemba zopusa zokhazokha. Mafunso onse asanu."

"Simunawonjezerepo kanthu?"

"Dzanja limayabwa. Ndinalikhalira."

Zotsatira zitatuluka, anakhoza ndi malikisi 61. Bwana anaitembenuza satifiketiyo uku ndi uku, n'kuwauza kuti apitirize ntchito. Ine mpaka lero sanandithokoze pakamwa. Anangotuma alamu ndi mitanda iwiri ya sopo, pamodzi ndi uthenga woti Loweruka ndisavutikenso kubwera.