Dzina Langa pa Matumba a Mbatata

Thaulo lija linali loyera, la mpendero wa pinki, ndipo pakati pake panali dzina la mng'ono wanga, losokedwa ndi ulusi wonyezimira: Jhessyka. Zilembo zisanu ndi zitatu. Ndinkaziwerenga tsiku lililonse likayanikidwa pachingwe, ngati kuti m'mawa wina ndidzapeza zachepa.

Khandalo tonse tinkangolitchula kuti Jesika, monga a Jesika ena onse a m'bairo lathu la Mateus Sansão Muthemba, dera lina la mzinda wa Tete, ndipo analipo ambiri. Kalembedweko anabwera nako ndi amalume, amene ankayendetsa lole ku migodi ya ku Moatize. Iwo ankati ana a mabwana a kuntchito kwawo salembedwa mwachisawawa, mayina awo amakhala ndi h pomwe simukuyembekezera ndi y pamalo pa i, kuti akadzakula pepala lawo lofunsira ntchito lizidzaonekera lokha pamulu. Analemba dzinalo pakapepala, n'kupita nako kolembetsa ana obadwa, kenako kwa telala wa makina osokera maluwa. Amayi anangovomera akumwetulira. Sanafunse chilichonse.

Ine ndine Rosa. Zilembo zinayi, theka la za khanda losadziwa n'kukhala komwe. M'kalasi mwathu tinalimo a Rosa atatu, ndipo aphunzitsi ankatisiyanitsa ndi msinkhu. Ine ndinali Rosa wamfupi. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo kunena zoona, nsanje inandigwira chilimwe chonsecho.

Chinkandipweteka kwambiri chinali cha matumba. Amayi ankaoda mbatata ya kachewere kwathu ku Angónia n'kudzagulitsa mumsika wa m'bairo. Lole imodzi inkanyamula katundu wa azimayi ambiri, choncho aliyense ankalemba chizindikiro pa matumba ake asanapite kukadzazidwa. Ena ankalemba mayina awo, ena a amuna awo. Amayi ankalemba langa. Ankayala matumba pabwalo, n'kuviika kamtengo kotafunidwa kunsonga m'chitini cha tinta yofiira, utoto wolembera, n'kulemba pang'onopang'ono, lilime lili panja: ROSA, ROSA, ROSA. R wake ankakhala ndi mimba yaikulu. Tsiku lotsitsa katundu, amuna a pa lole ankakuwa dzina langa msika wonse n'kumva, ndipo thumbalo linkagwera m'fumbi kuti phi. Anzanga akusukulu anandipatsa dzina loti Rosa Batata.

Ndiye taganizani. Wina dzina lake lili pa thaulo lonunkhira sopo, wina lili pa thumba lonunkha dothi ndi mbatata yowola. Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi safuna umboni woposa pamenepo.

Ndinayesa kudzikonzera ndekha. Pachikuto cha buku langa la Chipwitikizi ndinalemba Rhosah, ndipo ndinakhala phunziro lonse ndikuliyang'ana, mtima uli phee. Aphunzitsi anadutsa, n'kudula zilembo ziwirizo ndi cholembera chofiira, n'kunena kuti dzina la munthu ndi limene lili pa chikalata chake chobadwira, osati limene walota. A Rosa ena awiri aja anaseka mpaka misozi. Lero sindiwaimba mlandu aphunzitsiwo. Koma tsikulo ndinabwerera kunyumba ndikuwatukwana chamumtima njira yonse.

Ubatizo wa mwana unali Lamlungu. Loweruka lake kunatentha monga kumatenthera ku Tete mvula ikayandikira: malata akulira okha padenga, nkhuku zitayasama pansi pa mtengo, mchenga wosapondeka. Amayi anachapa thaulo lija, n'kuliyanika, n'kubereka mwana kupita kumsika chifukwa lole inali itafika. Ndinatsala ndekha. Ndinatenga lezala lomwe tinkawengera zikhadabo, n'kukhala kuseri kwa nyumba, thaulo lili pamwendo. Ulusi wonyezimira uja unkaduka mosavuta, ukulira pang'ono ngati udzudzu. Ndinachotsa zilembo zinayi, zimene zinkandinyansa kwambiri, kuti tifanane. Ndikanama ndikati ndinachita mantha. Ndinamva kukoma.

Amayi atabwera anaima pachingwepo nthawi yaitali. Ndinali nditakonzekera mbama, mwinanso kamtengo ka tinta kaja. Sanandimenye. Sanafunse n'komwe kuti wachita ndani, poti tiulusi tinali titamatirira pa siketi yanga. Analowa m'nyumba n'kuyamba kusanthula m'chikwama, m'chitini cha singano, pansi pa matiresi. Ankafuna kapepala ka amalume kaja, koma kanatsala kwa telala, ndipo telalayo Loweruka sankatsegula. Chikalata chobadwira chinali chili kutchalitchi. Amalume anali pamsewu.

Kenako anatuluka ndi pensulo yanga, n'kundipatsa pamodzi ndi thaulolo.

"Rosa, mwanangu, undilembere pomwe pasowapa. Iwe ukudziwa mmene zimatsatirana."

Ndinakwiya kuposa mmene ndikanakwiyira ndi mbama. Ndinati mumtima, munthu amene amalemba matumba sabata ndi sabata akundiuza ine kuti ndilembe? Akufuna ndilikongoletse ndi manja anga dzina la mwana wawo wokondedwa. Ndinalemba ndikusisima, ndikukanikiza pensulo mpaka inathyoka nsonga. Amayi analibe ulusi wonyezimira, anatenga wofiira wosokera matumba ong'ambika n'kuupatula kuti uchepe. Anakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, akutsata mzere wa pensulo ndi singano, thukuta likudontha pachibwano. Ndinaona kuti thaulolo aligwira chozondoka, zilembo miyendo m'mwamba, koma iwo ankangosoka osaona vuto. Ndinaseka chamumtima, ndipo sindinawauze.

Mawa lake Jesika anabatizidwa atakulungidwa m'thaulo la dzina la mitundu iwiri. Azimayi a kutchalitchi anayamikira kuti ndi luso latsopano. Amalume, amene anafika m'mawa womwewo, anayang'ana thaulo, n'kuyang'ana ine.

Lolemba amayi anayalanso matumba pabwalo. Ndinawafunsa mwamwano kuti bwanji osalembapo dzina la mwana wawo watsopanoyo, poti ndiye lokongola. Anaviika kamtengo m'chitini osandiyang'ana.

"Ili ndiye langa," anatero.

Ndinaganiza kuti akutanthauza kuti ine ndine wa matumba, wa ntchito ndi fumbi, ndipo ndinapita kukalira kuseri kwa nyumba.

Zinanditengera zaka kuti ndilumikize zimene ndinkaona tsiku lililonse: chala chawo chodetsedwa ndi inki akamachokera kumsonkhano wa makolo, kumene ankadinda chala m'malo mosayina, makalata a kumudzi amene ankati maso akuwawa, ndiwawerengere. Amalume ndiwo anadzandiuza ndili wamkulu kale kuti nditabadwa, amayi anapempha namwino kuti awalembere dzina langa pa chikatoni cha sopo, ndipo analikopera pamchenga miyezi yambiri mpaka dzanja linazolowera. Dzina la Jesika sanathe kulilemba. Lawo lomwe sanaliphunzire. Tsiku lija pabwalo, ine ndikulirira ulusi wonyezimira, sindinkadziwa kuti pa mawu onse a padziko lapansi, amayi ankatha kulemba amodzi okha.