Tameki M'thumba la Jekete ya Kutchalitchi

Ine ndine munthu wa mtima wapachala. Sindibisa, ndipo ngakhale nditabisa, anthu a kwathu kwa Kawinga angakuuzeni. Kusekondale ndinatchuka nazo: wina akangondiponda phazi pamzere wa phala, nkhani inkakathera kwa ahedi. Koma mkwiyo wa masiku amenewo unali ndi ubwino umodzi. Ndinkalalata, n'kutha, mawa tikusekanso. Zinthu zinavuta nditakwatira kwa Nsamala n'kukhala pachikamwini, kumene mkamwini sakwezera mawu mwini mbumba.

Munda umene ndimalima ndi wa mkazi wanga, ndipo anamupatsa ndi amalume ake. Amalumewo ndi bambo achikulire, a dazi, ocheza ndi aliyense, ndipo kutchalitchi kwathu amakhala benchi ya kutsogolo. Mbuzi ali nazo zambiri. Mwambo wa kuno ndi wakuti chimanga chikangochoka m'munda, mbuzi zimamasulidwa kuti zizikadzidyera mapesi. Koma nandolo sachoka limodzi ndi chimanga. Amatsala yekha, wobiriwira pamene zina zonse zauma, mpaka dzuwa litayamba kuswa mtengo. Ndiye mbuzi si yopusa. Imadziwa kumene kuli msipu.

Chaka chimenecho nandolo wanga anachita bwino kuposa kale lonse. Maluwa anali mbuu munda wonse. Koma m'mawa uliwonse ndikafika, ndinkapeza nthambi zitathyoka, mbuzi zitaimirira ndi miyendo ya kumbuyo ngati anthu, zikubudula nsonga. Ndinkazigenda, zinkathawira kuseri kwa mlambe, ine ndikangotembenuka zabwerera.

Ndinapita kwa amalume mwaulemu wonse, chipewa m'manja, n'kunjuta pakhonde. Panali anthu ena akucheza nawo. Nditafotokoza dandaulo langa, iwo anaseka.

"Pepani akamwini, mbuzi zangazi sizinapite kusekondale ngati inu. Malire siziwadziwa."

Anthu onse anaseka. Inenso ndinatulutsa mano, poti mkamwini amaseka nawo. Koma pobwerera kunyumba m'makutu mwanga munkalira ngati mwalowa njuchi.

Tsiku la msika ndinakwera njinga kupita ku Balaka. Pambali pa msewu panali bambo wina atayala mankhwala a makoswe pathumba, ndipo ndinagula kapepala ka tameki, timibulu takuda tija timapha chilichonse chopuma. Ndinadziuza kuti ndi wa makoswe a munkhokwe. Linali bodza, ndipo ine ndi Mulungu tonse tinkadziwa. M'mutu mwanga zonse zinali zitakonzeka kale: madeya pang'ono, beseni lobooka lija la kuseri kwa bafa, kukaliika m'mphepete mwa munda, basi.

Sindinachite. Koma sindinatayenso. Kapepalako ndinakalowetsa m'thumba la m'kati la jekete yanga ya kutchalitchi, poti ndi chovala chokhacho chimene ana sankachigwira.

Anthu amaganiza kuti Satana amabwera ndi nyanga. Kwa ine ankabwera ndi mawu anga omwe, ndipo ankalankhula zanzeru. Thukuta ndi lako. Unapita mwaulemu, anakuseka. Ndi mbuzi chabe, si munthu. Ndikamalima ganizolo lilipo, ndikamadya lilipo. Ndinkapemphera kuti lichoke, koma ndikati ndilikankhe linkabwerera ngati mbuzi zomwezo. Ndinafika pomasangalala nalo. Ndinkaona m'maso mwa mtima amalume ataima pakhola, manja m'chiuno, kuseka kuja kutatheratu, ndipo ndinkamva kukoma. Kukoma kumeneko n'kumene kunkandiopsa kwambiri, chifukwa ndinazindikira kuti si mbuzi zimene ndinkafuna kuzipweteka.

Lamulungu ndinkakhala kumbuyo, maso ali padazi la amalume, kapepala kali pachifuwa. Tikafika popemphera Atate Athu, ndinkanena bwinobwino mpaka pa mawu aja okhudza kukhululukira otilakwira. Pamenepo ndinkatseka pakamwa, n'kudikira anzanga adutse, kenako n'kuwalowanso kutsogolo. Wamkulu ndithu wa ndevu, kumalumpha mzere ngati mwana wa sukulu wosaloweza. Ansembe akabwera kudzachita Misa ndinasiya kupita kukalandira. Anzanga akaimirira, ine ndinkawerama ngati ndikumanga chingwe cha nsapato.

Kunyumba ndinangoti zii. Chakudya ndinkangochigwiragwira. Ana akaswa mbale sindinkakalipa. Ine ndinkayesa kuti ndikubisa bwino, osadziwa kuti munthu wolalata akatonthola ndi pamene a m'nyumba amachita mantha.

Loweruka lina m'mawa ndinali pansi pa mtengo wa mango ndikumata chubu cha njinga. Mkazi wanga ankasonkhanitsa zochapa kuti apite kumjigo, ndipo anaona kuti kolala ya jekete yada. Anapisa m'matumba monga amachitira asananyike chovala. Ndinangoona akubwera pang'onopang'ono, n'kukhala pansi pafupi ndi mapazi anga. Anatambasula dzanja. Kapepala kaja kanali pachikhatho.

"Bambo, ana awa mukufuna mundisiyire ndekha?"

Poyamba sindinamve chimene ankatanthauza. Kenako ndinakumbukira kuti mwezi womwewo tinali titaika maliro a bambo wina wa mudzi woyandikana nafe, amene anamwa mankhwala omwewo atakhala masiku osalankhula ndi munthu. Mkazi wanga anali ataona kusadya kwanga, kutonthola kwanga, kusalandira kwanga, n'kuziphatikiza.

"Iyayi, mayi. Si wa ine ameneyo," ndinatero. Panalibenso kothawira. "Ndi wa mbuzi za amalume."

Chinthu chimene m'mutu chinkaoneka chachikulu ndi cholungama, chitatuluka pakamwa chinaoneka chaching'ono ndi chonyansa. Mkazi wanga anaseka misozi ikutsika, n'kupukuta kumaso ndi chitenje. Atapuma, nkhope inasintha. Anandifunsa ngati ndimawadziwa amalume. Anati iwo mbuzi ikangoyamba kudzandira sadikira kuti ife yokha, amaitanitsa mpeni, n'kugawa nyama pambumba ponse, ndipo mwendo umodzi nthawi zonse umabwera kwathu.

"Ndiye mphika umenewo akanayamba kupisamo ndani? Si ana anu omwewa?"

Chubu chinagwa m'manja mwanga. Masiku onse amene ndinkakonza chiwembucho, nkhani inkathera pamene mbuzi yagwa. Zotsatira zake sindinaziganizeko n'kamodzi komwe, ine amene ndinkadziyesa wophunzira. Tchimo limakuonetsa kumene ukufuna kuonako, kwinako limaphimba.

Tinapita limodzi kuchimbudzi, ndipo kapepalako ndinakaponya ndekha m'dzenje iye akuona. Pobwerera anandiuza chinthu chimodzi chokha, kuti ganizo loipa likabweranso ndizilinena, ndisamagone nalo ngati chuma.

Madzulo ake ndinabwerera kwa amalume, ndipo ndinadikira kuti akhale okha. Za tameki sindinawauze, zimenezo ndinakaulula kwa ansembe atabwera. Amalumewo ndinangowauza mosazungulira kuti kuseka kuja kunandipweteka, ndipo mtima wanga unafika poipa moti ndinkalephera kupemphera nawo m'nyumba imodzi. Ulendo uno sanaseke. Kupepesanso sanapepese, si anthu opepesa. Anati mwambo womasula mbuzi anaupeza, ndipo sangauthetse chifukwa cha munda umodzi. Koma anandiloza kuthengo kwawo kumene kuli mitengo ya minga, kuti ndikadule mmene ndingafunire nditchinge munda, ndipo tonde wawo wamkulu, amene ankatsogolera zinzake, anamumanga pachikhomo.

Ndinadula minga imeneyo ndi mkwiyo wonse umene ndinali nawo. Chikwanje chilichonse chinkatsika ndi mawu amene sindinawalalate. Manja anang'ambika, malaya anatha, koma madzulo ndinkadya mpaka kupempha zina. Nandolo wina anali atapita kale, koma wotsalayo tinakolola, ndipo anatikwanira.

Ndisaname kuti ndinasanduka mngelo. Mtima wapachala ndikadali nawo, ndipo maganizo oipa amabwerabe, nthawi zina chifukwa cha mbuzi zomwezo zikapeza mpata pampanda, nthawi zina chifukwa cha munthu wondidula mawu kumsonkhano wa mphakati. Kusiyana kwake n'kwakuti sindiwapatsanso thumba lokhalamo. Ndikangomva njuchi zija zayamba m'makutu, ndimati, "Mayi, mlendo uja wabweranso." Iye safunsa zambiri. Amamvetsera, ndikamaliza amanditengera chikwanje n'kundiuza kuti mpanda wa kumunsi wagwa. Popita kumeneko ndimamuuza Mulungu zonse mmene zilili, popanda kukometsera, chifukwa ndinaona kuti Iye sadabwa nazo.

Lamulungu lotsatira tsiku lochapa lija ndinavala jekete yomweyo, ili yoyera, m'thumba mopanda kanthu. Ndinakhala kumbuyo monga mwa nthawi zonse, dazi la amalume lili patsogolo panga. Titafika pa mawu aja okhudza kukhululukira, ndinachedwa pang'ono kuyamba. Koma ndinawanena onse mpaka kumapeto, mokweza kuposa mmene ndinkafunira, moti amalume anacheuka kuti aone amene akukuwa m'pemphero.