Chala Changa Chinandikana ku Banki

Uthenga unandipeza pa thandala loyanikira nsomba, anzanga akutembenuza usipa, ine manja lende ngati mlendo. Mwana wanga wamkazi anatulukira kuseri kwa mango akuthamanga, foni m'mwamba, chitenje chikumasuka. "Amayi, a ku banki aja ayimba. Akuti ndinudi." Ndine, ndinedi, ndine ndemwe. Ndinakhala pamchenga pomwepo. Ukalamba wonsewu, kudikira anthu a ku boma kuti andiuze kuti ine ndine ine.

Zinayamba chonchi. Mwana wanga wamwamuna ali ku Joni, ndipo ndiye ananditsekulitsa akaunti kalekale, bambo ake akadali moyo, ine ndili wonenepa, mano ali thothotho m'kamwa. Mwanayo atatumiza ndalama za malata, ndinakwera lole kuno ku Makanjira kupita ku banki ku Mangochi. Wondiperekeza anali mkamwini wanga, mwamuna wa mwana wamkaziyu. Iye anakhala kumbuyo pamatumba, ine kutsogolo, monga umafunira ulemu.

M'banki mumazizira ngati mumtsuko. Mtsikana wa pawindo anati ndiike chala chachikulu pakagalasi. Ndinaika, makina anakana. Ndinapukuta pachitenje, ndinaikanso, anakana. Mtsikana anayang'ana chithunzi changa chakale cha pa akaunti, anayang'ana ine wamasaya olowa.

"Agogo, munabadwa chaka chanji?"

Ine ndimadziwa kuti ndinabadwa nyanja itadzaza mpaka m'minda ya mpunga. Chaka cha manambala anachita kundipatsa olemba ziphaso, ndipo sichikhala m'mutu. Mkamwini, mwa chifundo chake, ananong'ona chakacho ali chapatali, nkhope kukhoma. Koma kunong'ona kwa msodzi kumamveka tsidya.

Anatilowetsa m'kachipinda, muli bwana wa tayi.

"Mayi, bambo awa mukuwadziwa? Dzina lawo ndani?"

Dzina la mkamwini, pakamwa panga pano? Chikwatirire mwana wanga sindinalitchulepo, ngakhale kutulo. Ndinayang'ana pansi, iyenso pansi.

"Ayang'aneni kumaso."

Khosi linauma, silinatembenuke.

"Mwaona, sakudziwana awa," anatero bwanayo. "Kuli anthu akumatola nkhalamba m'misika, n'kuziphunzitsa mayankho, kudzaba ndalama za eni. Chala si chanu, nkhope si yanu. Akaunti tatseka. Mukadzabweranso ndi bodza lomweli, mukagona kupolisi."

"Mwanangu, ine sindinabepo ngakhale kamutu ka usipa."

"Onse amatero, agogo."

Ndinatuluka m'banki muja. Dzuwa la ku Mangochi linali likuswa mtengo. Wakuba, ine wakuba, wakuba wa za mwana wanga yemwe.

Pamzere m'banki muja munali mayi wina wa kwathu kuno, ndiye nkhani inatsika lole ine ndisanatsike. Tsono ine kumzikiti kwathu ndili m'gulu la amayi osambitsa maliro. Ntchito imeneyi safunsira, amakupatsa poona kuti manja ako ngoyera ndipo pakamwa pako mpotseka. Patangopita masiku, anamwalira mnzanga amene tinavinidwa limodzi, amene tinalonjezana kuti wotsala adzasambitsa mnzake. Amayi anadutsa pakhomo panga ndi beseni ndi sanda osandiitana. Ndinawalondola. Mkulu wa gulu anandiimitsa pachipata.

"Anganga, pumulani kaye. Za kuboma zija ziyambe zamveka bwino."

Ndinakhala panja ndi ana, ndikumva madzi akukhavuka mkati. Za malata sindinaziganizenso kuyambira tsiku limenelo. Ndinkangofunsa kuti ine ndikadzafa, adzandigwira ndi manja awiri kapena ndi nsonga za zala?

Anandiona ndi namwino wa pachipatala chathu, wochokera kumpoto, amene amagula nsomba kwa ine. Anatenga chala changa, n'kuchitembenuzira kudzuwa. See, ngati botolo. Mchere unadya, mamba anapala, moto wa pauvuni wowambira nsomba unamaliza.

"Amama, mizere ya pachala imene makina aja amawerenga imameranso mukaisiya. Musagwire nsomba, musachape, muzidzola mafuta."

Ndinakhala, ndinakhala, mwezi unatha wina n'kuoneka. Ine amene sindinakhalepo chikhalire, chala chokulunga m'kansanza, kudya zophika ena. Mwana wanga ankati akamandipakulira, "Mkwatibwi wadzuka bwanji lero?" akunena chalacho. Ndinkaseka pang'ono, mtima uli kumanda.

Ulendo wachiwiri tinapita atatu. Ndinaika chala, kagalasi kanawala, makina analira kamodzi. Mwana wanga anatchula dzina la mwamuna wake mokweza mpaka mlonda pakhomo anacheuka. "Amayiwa sangalitchule, bwana, ndi apongozi ake. Kwanu kulibe apongozi?" Bwana anakanda m'mutu, anati atumiza nkhani kwa akuluakulu awo, tidikire foni. Ndiyo foni inandipeza pa thandala ija.

Nthungululu yanga tsiku limenelo inamveka mpaka kudoko, ndipo anthu anabwera. Anabwera mchemwali wanga wotsimphina, ndodo ataiiwala kunyumba. Anabwera alamu anga ndi ukonde paphewa. Anabwera namwino ndi yunifolomu yake, mphunzitsi wa pasukulu ndi choko m'manja, woyendetsa lole ndi wothandiza wake. Anabwera ashehe, Alhamdulillah ali pakamwa. Anabwera mayi wa pamzere uja, ndipo ndiye anavina kuposa onse, ine ndinangomuyang'ana. Anabwera mkamwini, anaima patali pansi pa mango, akuomba m'manja atayang'ana kunyanja. Anabwera amayi osambitsa maliro, mmodzimmodzi, mipango yoyera kumutu. Womaliza anali mkulu wa gulu. Anagwada, anagwira dzanja langa ndi manja ake onse awiri.

"Anganga, beseni lija lizikhala kwanu."