A Magiya ndi Mpando Wakumbuyo

Mukafunsa kwa ometa tsitsi, kapena paja amamata matayala, akuuzani kuti a Magiya ananyoza galimoto ya mlongo wawo mpaka wogulitsa anatsala pang'ono kulira. Akuti anaitcha bokosi la maliro la mawilo anayi, analavulira tayala, n'kutsika pakati pa msewu kubwerera kwawo wapansi, nsanje ikufuka m'makutu. Ena amathirako kamchere kuti anamenyetsa chitseko mpaka galasi linang'aluka. Galasilo lilipo, pitani mukalione, ndi lamphumphu. Kutsika anatsikadi, wapansi anayendadi, ndipo pa nkhani ya nsanje palibe angawaikire kumbuyo. Koma zonyozazo ndi bodza la anthu amene galimotoyo amangoionera patali.

A Magiya ndi bambo wamtali ngati mtengo wa magetsi, woyamba kubadwa kwawo. Dzinali analitola pa kampani ina yogawa mankhwala m'masitolo, kumene anagwira chiwongolero kuyambira ali ndi tsitsi mpaka dazi litafika pankhongo. Ankasintha magiya mosamveka, moti bwana ankatha kumwa tiyi galimoto ikuyenda osadontheza pa tayi. Kampaniyo itatsekedwa anatsala ndi laisensi, msana wowawa, ndi kachikwama ka makiyi kachikopa. Mmenemo muli kiyi wa geti ndi wa kabati. Wa galimoto yawoyawo sanalowemo chibadwire.

Masiku ano ntchito yawo ndi yoperekeza anthu ogula magalimoto. Aphunzitsi akalandira za penshoni, mayi wa sitolo bizinesi ikamuyendera, onse amayamba adzera kwa a Magiya. Ndipo munthuyu ali ndi malamulo ake awiri amene saphwanyika. Loyamba, galimoto saiyesa yopanda kanthu. Amati yopanda kanthu iliyonse ndi yaulemu, khalidwe lake lenileni limaoneka ikanyamula. Choncho ngati uli ndi apongozi onenepa, uwabweretse. Ngati umagulitsa mazira, ubwere ndi matileyi ako. Wophika buledi wina anakana, anagula yekha kagalimoto kokongola, lero matileyi amawamangirira padenga ngati akusamuka. Lachiwiri, popita amayendetsa iwo, pobwerera amayendetsa wogula, chifukwa nsapato sakuyesera mnzako.

Koma tsiku limene a Magiya amaoneka munthu ndi loperekeza mayi awo kuchipatala. Mayiwa ndi okalamba, mawondo anawatembenukira, ndipo kamodzi pa mwezi amakaonana ndi adokotala. Dzulo lake a Magiya amasita okha malaya oyera, akazi awo osaloledwa kukhudza kolala. M'mawa amakabwereka pikapu ya kalipentala woyandikana nawo, kusesa utuchi pampando, n'kuponya kumbuyo kampando ka thabwa ka kalipentala yemweyo, kokwerera mayi. Pikapuyo ndi yaitali. Mayi amaponda kampando, a Magiya n'kuwakankha pang'ono chakumsana, onse awiri akubuula.

Chitseko chikatsekedwa, m'pamene nkhani zimayamba. Mayi salankhula za pabanja pakhomo, amati makoma ali ndi adzukulu. Amalankhulira mu pikapu. Ndani akufuna kusiya mkazi, ndani watenga mimba, nyumba ija adzaisiyira ndani. A Magiya amamva zonsezi oyamba, maso ali pamsewu, akungoti, "Hmm. Ndamva mayi." Abale ena amadzamva patapita masabata, ndipo amadzamvera kwa iwo. Ukulu wawo wonse unali mu pikapu ya kalipentala.

Ndiye tsiku lina foni inalira. Anali mlongo wawo wotsiriza, namwino, mwana amene iwo ankamupukuta mamina.

"Achimwene, mawa muli ndi nthawi? Ndapeza galimoto. Ndikufuna mukandionere."

"Galimoto ya ndani?"

"Yanga."

"Iwe? Laisensi ija unaitenga kuti izikongoletsa chikwama?"

"Ndiye ndatopa nayo kukongoletsa. Komanso mayi asamavutikenso ndi pikapu ija."

A Magiya anaika foni pansi. Anadya osamva mchere. Akazi awo anawayang'ana n'kufunsa, "Kodi mwadwala, kapena wina wagula chinthu?" Ukwati wa zaka zambiri ndi woipa, munthu sabisala.

Kumalo ogulitsirako anapeza galimotoyo itatsukidwa, yofiirira ngati tiyi wothira mkaka pang'ono. Inali ya mtundu uja wadzaza m'misewu masiku ano: si saluni, sinso zazikulu zija za mabwana, koma saluni yovala nsapato zagogoda. A Magiya anaizungulira manja ali kumbuyo ngati wapolisi wofuna chifukwa. Mumtima ankapemphera kuti apeze dzimbiri, ngakhale kadontho.

Anagwada n'kusuzumira kunsi. Kouma, kopanda dontho la oyilo, ndipo mimba yake inali m'mwamba bwino, yoti hampu siingaikande. Anatsegula boneti, anamvetsera injini atatseka diso limodzi. Inkangong'ung'udza ngati mphaka wokhuta. Anakanikiza ngodya iliyonse ndi thupi lonse kuti aone ngati igwedezeke kawiri. Inadzuka kamodzi n'kukhala chete.

"Tayala la sipeya ndi lowonda ngati la njinga," anatero, mawu atakwera ndi chimwemwe.

"Ndi longokufikitsani pomata, bambo," anayankha wogulitsa, munthu wa tayi yofiira ndi mano ambiri.

"Nanga maonekedwewa? Ikudzionetsa ngati ya m'matope, chonsecho imakoka ndi mawilo akutsogolo okha."

"Achimwene, ine ndimapita kuntchito ndi kumsika," anatero mlongoyo. "Matope ndikawatani?"

"Buti ndi yaing'ono."

Wogulitsa anagwetsa mipando yakumbuyo, malo n'kutseguka oti munthu n'kuyala mphasa. A Magiya anatsokomola.

Atakhala pa chiwongolero zinthu zinaipiraipira. Mpando unali pamwamba, msewu ukuoneka wonse. Kubwerera m'mbuyo, kakanema kanayaka kusonyeza mpanda, ndi timizere tokuuza pokhotera. Luso limene iwo analiphunzira ndi thukuta, khosi litapindika, pano linali pa kagalasi ngati katuni ya ana. Ndipo inali ya otomatiki. Phazi lawo lamanzere linkangopondaponda pansi kufuna kilachi, dzanja likupapasa giya yoti lisinthe, osapeza ntchito.

"Iyi ngakhale mbuzi ingayendetse," anang'ung'udza.

"Zikomo achimwene," anatero mlongoyo.

Pamenepo nzeru inawabwerera. Mayi! Mayi amadana ndi zinthu zatsopano. Anakana foni yotsetsereka, anakana matiresi ofewa, ketulo yamagetsi anaisandutsa mosungira mabatani. Akangoona galimotoyi adzati ikununkha pulasitiki, nkhani n'kuthera pomwepo, iwo osadetsa m'kamwa.

"Lamulo langa ukulidziwa," anatero. "Galimoto saiyesa yopanda kanthu. Wati ndi yonyamula mayi. Tiyeni tikawatenge."

Wogulitsa anakwera kumbuyo, ulendo wa kwa mayi. Anawapeza pakhonde akusankha nyemba. Anatuluka ndi ndodo yawo, anaiyang'ana galimotoyo kuyambira kumphuno mpaka kumchira, nkhope ili gwa. Mtima wa a Magiya unayamba kuvina.

"Kampando kaja mwabwera nako?" anafunsa mayi.

"Ayi mayi, tangoyesani. Mukalephera musadzikakamize. Zamasiku anozi n'zovuta."

Mlongoyo anatsegula chitseko chakutsogolo. Mayi anatembenuka, anapereka msana ku mpando, n'kungokhala. Basi. Mpandowo unali pa msinkhu wa chiuno chawo ndendende, osakwera ngati pikapu, osagwera pansi ngati saluni. Analowetsa mwendo umodzi, kenako winawo, popanda kubuula ngakhale kamodzi.

"Iii," anatero mayi, akusisita mpando. "Koma abale. Zaka zonsezi ndakhala ndikukwera mtengo, kani anthu amakhala chonchi?"

"Sikununkha pulasitiki, mayi?"

"Ikununkha bwino kuposa utuchi."

A Magiya analunjika ku chitseko cha dalaivala. Anapeza mlongo wawo ataima pamenepo, dzanja lili tambasu.

"Pobwerera amayendetsa wogula, achimwene. Lamulo lanu lomwe."

Anapereka makiyi. Miyendo inawatengera yokha ku mbali inayo, koma kumeneko kunali mayi, atamanga kale lamba, ndodo ili pakati pa mawondo. Panatsala chitseko chimodzi. Bambo amene anayendetsa mabwana, akwati, odwala ndi maliro, anapinda msana n'kulowa kumbuyo, pambali pa wogulitsa wa mano ambiri.

Kumbuyoko ndiye anapeza zilema zenizeni, zimene anazisaka m'mawa wonse. Mawondo anagunda mpando wakutsogolo. Denga limatsetsereka chakumbuyo, moti dazi linkapukuta nsalu ya padenga pa hampu iliyonse. Zenera ndi laling'ono, lokwera, ngati la m'bafa. Anatsegula pakamwa kuti anene, koma palibe amene ankayang'ana kumbuyo.

Mlongoyo ankayendetsa bwino, ndipo zimenezo zinawawa kuposa mawondo. Sanagwedeze munthu ponyamuka, pokhota anayatsa indiketa nthawi yake. Atadutsa pa sitolo ya matayala, mayi anatsitsa mawu, mawu aja a mu pikapu, n'kupendekera kwa mwana wawo wamkazi.

"Ndiye mlamu wako uja, wabweranso ndi nkhani ina. Akuti mkazi wachiwiri uja..."

Zotsalazo zinamezedwa ndi mphepo ya fani. A Magiya anasendera kutsogolo, lamba n'kuwagwira pachifuwa.

"Mwati bwanji mayi?"

"Palibe. Khala bwino kumbuyoko, ungagwe."

"Zoona mayi?" anatero mlongoyo, maso ali pamsewu. "Hmm. Ndamva."

Ngakhale "hmm" wawo anali atatengedwa. Wogulitsa anawagogoda pa bondo n'kuwaonetsa pobayira foni ndi poika kapu. "Okwera kumbuyo sitinawaiwale, bambo."

"Imika," anatero a Magiya.

"Chavuta n'chiyani achimwene? Mwamva phokoso?"

"Ndati imika."

Anaima pafupi ndi pothira mafuta. A Magiya anadzitulutsa chidutswachidutswa, mwendo, mutu, mwendo wina, n'kutseka chitseko bwinobwino, chifukwa munthu amene wasamala magalimoto moyo wake wonse samenyetsa chitseko ngakhale atakwiya. Mlongoyo anatsitsa galasi. Nkhope yake inali ya kamwana kaja ka mamina.

"Achimwene, ndiuzeni zoona. Mukati ndisagule, sindigula."

Ndipo sankanama. Mawu amodzi okha, "giyabokosi", akanakwana. Mwanayo akanabweza makiyi, mwezi wamawa pikapu ikanabwerekedwa, kolala ikanasitidwa. Mawuwo anafika mpaka pa lilime, a Magiya anawamva kukoma kwake. Kenako anaona mayi, atatsamira, mawondo atatambasuka, akusewera ndi kabatani kotsitsira galasi ngati mdzukulu wawo.

"Injini ili bwino," anatero, akuyang'ana pampu ya petulo. "Kunsi kulibe vuto. Mafuta sidzakudyera ambiri. Ukapeza mpata ugule tayala lenileni la sipeya. Kumbuyo n'kothina, usamanyamuleko anthu aatali."

"Ndiye ndigule?"

"Gula."

"Nanga kwerani tikusiyeni."

"Ndili ndi poti ndidzere."

Analibe podzera. Anayenda wapansi dzuwa lili pamutu, nsapato zokayesera galimoto zikuwaluma, ndipo amene anawaona akudutsa pomata matayala nkhope itagwa ndi amene anayambitsa nkhani ija.

Tsiku la chipatala litayandikira, manja anasita okha malaya oyera. Akazi awo anangoyang'ana, n'kufunsa ngati kuli ukwati. M'mawa mwake hutala inalira pageti. Mayi anali kutsogolo, atavala duku latsopano, chigongono chili pazenera ngati mwini wake.

"Tiyeni achimwene, malo alipo," anatero mlongoyo, akuloza kumbuyo ndi chala chachikulu.

"Pitani. Ndili ndi kasitomala."

"Wavalira kasitomala malaya a chipatala?" anafunsa mayi. "Chabwino. Kampando kaja ubweze kwa kalipentala, tamusungira nthawi yaitali."

Galimoto inanyamuka mwaulemu, osadzutsa ndi fumbi lomwe. Za mlamu ndi mkazi wachiwiri a Magiya anadzazimva patapita masabata, kwa akazi awo, amene anazimva kwa namwino.

Ntchito akugwirabe, ndipo anthu akuwafunabe, makamaka ofuna timagalimoto tagogodati, poti tsopano amatidziwa kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Kungoti masiku ano amayamba ndi funso lachilendo: "M'banja mwanu, adzakhale kumbuyo ndani? Mwamufunsa?"

Loweruka lina ali pa mpando wa ometa, nsalu ili m'khosi, wometayo analimba mtima.

"Koma a Magiya, anthu akuti munainyoza galimoto ya achemwali anu. Akuti nsanje."

A Magiya anamuyang'ana kudzera pagalasi.

"Amene anati agule ndine. Galimotoyo ndi yabwino, ndipo ikundinyansa. Nsanje ndili nayo yodzaza buti, ukawauze. Koma kumbuyo sindikhala. Meta, usandicheke khutu."