Njanji ya Pachitseko

Chaka chimene ndinalowa Fomu 1, abambo anachotsedwa ntchito. Anali woyendera njanji. Ankalawira ndi hamala paphewa, n'kumatsata njanji kuchokera ku Kanengo, akugogoda zitsulo ndi kumvetsera ngati pali pamene pamasuka. Tsiku limene anabwera ndi kalata yowachotsa ntchito, anakoloweka ovolosi yawo pamsomali, nakakhala pampando wa pakhonde. Kuyambira pamenepo anangoti zii.

Sikuti ankakalipa ayi. Bola akanamakalipa. Amayi akawafunsa kanthu, ankangoyankha ndi mutu. Tinkakhala ku Nsungwi m'nyumba ya lendi, ndipo sitima ikalira chapatali, iwo ankadzuka n'kulowa kuchipinda. Miyezi inayi inatha ndisanamve abambo akumaliza chiganizo.

Ine ndinali wamanyazi kwambiri. Zimene ndinkalephera kunena ndinkazilemba m'kope la masamu, lija la timabokosi, limene ndinkalibisa pansi pa zovala m'sutikesi. Patsamba lina ndinalemba kuti: "Ndikudutsira njira ya kuseri ndikamachokera kusukulu, kuti anzanga asaone abambo ali pakhonde masana. Ndikudziwa kuti ndikulakwa. Ndikufuna angondilankhula, ngakhale kundikalipira." Patsamba loyang'anizana nalo ndinayamba kujambula njanji.

Kuseri kwa nyumba kunali chitseko chakale chodyeka ndi chiswe kumunsi. Ndinachiyeza ndi zikhatho: khumi ndi ziwiri mulitali, zisanu mulifupi. M'kope muja, chikhatho chimodzi chinali timabokosi tiwiri. Ndinajambula njanji yozungulira ngati dzira, siteshoni kumbali, kamlatho pakati, ndi kanjira kopatuka kosungirako mabogi. Ndinafufuta kambirimbiri mpaka pepala linatsala pang'ono kubooka. Siteshoni ndinaisuntha katatu chifukwa inkagundana ndi bowo la loko.

Zipangizo ndinatolera pang'onopang'ono. Atelala a pamsika anandipatsa timitengo tokulungira ulusi kuti tikhale mateyala. Mitanda ya pansi pa njanji ndinasema kuchokera ku nsungwi. Waya ndi timisomali anandipatsa ndi abambo ena okhoma zidebe, kwawo ku Mangochi, amene ankagwira ntchito pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi kwathu. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndisanatsegule pakamwa.

"Mwanangu, wabwera kudzandiwerenga misomali kapena ukufuna kanthu?" anandifunsa.

"Ndimafuna waya."

"Wa galimoto? Asungwananso mwayamba zimenezi?"

"Wa njanji."

Anaseka mpaka kuika hamala pansi. Kenaka anatenga chitini cha nsomba, nachidula bwinobwino, nachiika chumuni cha bawuti kuti chikhale sitima. "Tikiti yanga usunge," anatero. "Ndikhala pawindo."

Loweruka lina ndinakokera chitseko chija pabwalo, pamalo poti munthu wokhala pakhonde aone. Amayi ankachapa. Anandiyang'ana, nayang'ana abambo. Ndinakhoma mitanda, ndinapinda waya, n'kumayerekeza ndi maso kuti mawaya awiriwo atalikirane mofanana. Dzuwa likupendeka, njanji inali itakumana.

Ndinaika sitima, ndinaikankha ndi chala. Poongoka inayenda bwino ndithu, ikulira kwetekwete. Itafika pokhota, inangoti phi, chagada. Ndinaibwezera. Inagwanso pomwepo. Kachitatu teyala limodzi linaguluka n'kugubuduka mpaka pa phazi la abambo.

Maso anga anadzaza misozi. Ndinayamba kuzula misomali ndi zala kuti ndibweze chitsekocho kuseri.

"Usazule."

Ndinaganiza kuti ndamva molakwa. Amayi anasiya kuchapa, manja ali thovu lokhalokha.

Abambo anatola teyala lija, natsika pakhonde, nanjuta pafupi nane. Anayendetsa chala pa waya kuyambira poongoka mpaka pokhota, pang'onopang'ono, ngati akusisita mwana wodwala.

"Wayeza ndi chiyani?"

"Ndi maso, abambo."

"Njanji sayeza ndi maso, mayi. Maso amanama. Apa yatanuka, apa yapanikiza. Ukanakhala mu gulu langa bwenzi ndakubweza kunyumba." Anatembenukira kwa amayi. "Tandibwerekani mpeni, amake mwana."

Amayi anathamangadi. Sindinawaonepo akuthamangira mpeni chotero.

Abambo anasema kansungwi kakafupi, nakachekera timipata tiwiri molingana ndi kutalikirana kwa mateyala. Anati kameneka ndi geji, ndipo woyala njanji sasuntha phazi popanda iyo. Anandigwiritsa kuti ndiziika pa mtanda uliwonse iwo akukhoma. Titafika pokhota anaitanitsa machesi. Analowetsa kamtengo kamodzikamodzi pansi pa waya wakunja kuti ukwere pang'ono kuposa wamkati.

"Sitima pokhota imafuna kuthawira kunja," anatero. "Ndiye umaipendeketsa, izitsamira mkati. Pa njinga sumatero nawenso?"

Ndinagwedeza mutu. Ndinkaopa kuti ndikayankha, asiya kulankhula.

Anakankha sitima ndi chala chawo chachikulu. Inafika pokhota paja, inapendeka pang'ono, n'kudutsa. Abambo okhoma zidebe, amene ankasuzumira pampanda, anakuwa: "Akulu, imeneyo ikafika ku Mchinji lero lomwe!"

"Isanafike iyendereredwe kaye," anayankha abambo, ndipo kukamwa kwawo kunaoneka ngati kukufuna kuseka.

Kenaka anandifunsa kuti, "Pulani yake ili kuti? Sungayale zonsezi popanda pulani."

Ndikanatha kunama kuti ndinataya. Koma ndinalowa m'nyumba, ndinatulutsa kope lija m'sutikesi, ndinalitsegula pa njanji, n'kuwapatsa ndi manja awiri nditagwada. Mawu aja anali pomwepo, patsamba la kumanzere, ndi inki yabuluu.

Maso awo anagwera kumanzereko. Sindidziwa kuti anawerenga mizere ingati. Ndinangoona akuika chikhatho chawo patsambalo, kuliphimba lonse, n'kuyang'ana chojambula chokha. Anakhala choncho kanthawi.

"Siteshoni waika pabwino," anatero. "Koma mlatho uwu ndi waufupi, madzi adzaukokolola. Lolemba ukaweruka tidzaukonze." Anatseka kope, nandibwezera. "Ndipo udzadzere njira ya kumaso. Ya kuseri ija ili ndi minga."

Lolemba ndinadzera kumaso, anzanga awiri ali pambuyo panga. Pampando wa pakhonde panalibe munthu. Abambo anali pabwalo atavala ovolosi yawo, geji ili kukhutu ngati pensulo, akuphwanya timiyala ta pansi pa njanji ndi hamala ija.

"Mwachedwa," anatero. "Uwauze anzakowo asaponde mlatho."