Anandikonzera imelo, n'kuvula mwana wanga pagulu

Inu a kashopu ka makompyuta kam'mwamba m'tauni muja, kompyuta munakonzadi. Koma mwana wanga mwamuvula pagulu, ndipo sindikhala chete.

Taonga ndi mwana wa mkulu wanga. Ndi mphunzitsi, ukwati wake uli mwezi wamawa. Mayi ake ndi nesi ku Mangalande, tchuthi anawamana. Ndiye za chilangizo ndayendetsa ndine, mayi ake aang'ono, kunyumba kwanga ku Kabwata, mu Lusaka muno. Azimayi mukudziwa za m'chipinda muja: ng'oma, chitenje m'chiuno basi, mwamuna sayandikira ngakhale pakhomo. Mkulu wanga analira pafoni kuti aoneko mwana wake. Alangizi anakana, kenako anamva chisoni. Anati jambulani pang'ono, koma aone mayi ake okha.

Pafoni sindinafune kutumiza, foni aliyense amagwira. Ndinaika kanemayo pa kompyuta yanga, n'kumuphatika pa imelo, n'kudina. Pulogalamu ya imelo inangouma gwa. Kutseka, kutsegula, kuumanso. Kuzimitsa, kuyatsa, chimodzimodzi.

Lachiwiri m'mawa ndinanyamula chibokosi chonse pa minibasi mpaka m'tauni. Wokonza wake amati ba Kelvin, bambo wandevu zake. Sanadzuke n'komwe pampando.

"Siyani mami, mubwele fotini awazi. Ni K350."

Ndinamuuza kuti vuto ndi imelo basi, zina asakhudze.

"Mami, ise ndise maprofeshonali."

Ndinabwerako nthawi anandiuzayo, 2 koloko masana, isanakwane. Ndili pa masitepe ndinamva ng'oma. Kenako nyimbo. Kenako nthungululu, mawu anga enieni. Ndinakwera mothamanga.

Kulowa, shopu yadzaza amuna. Ogulitsa machaja pansi paja akwera onse. Wina akukukuta chimanga chootcha ngati ali ku mpira. Wina wakweza foni m'mwamba, akujambula sikirini yaikulu yapakhoma. Pa sikirinipo pali Taonga wanga.

Ndinakuwa mpaka mawu anasasa. Ba Kelvin anazimitsa mosafulumira, akumwetulira.

"Osakalipa mami. Iyi vidiyo ndiye inajama potuluka, ni ikulu maningi. Tenze kuona chabe ngati ili na vailasi."

Vairasi? Vairasi amaiona shopu yonse? Vairasi imafuna sipika? Vairasi amaiombera m'manja n'kuibwereza kuyambira poyamba?

Ndinafuna mwini shopu. Anatuluka akutokosa m'mano.

"Manje pulogalamu isebenza olo siisebenza?"

Ndinati nkhani si imeneyo.

"Isebenza. Vidiyo tachosamo, imelo yanu ili che bwino. Ngati vinali va chisinsi, munaikilanji mu kompyuta?"

Wafoni uja anali atatsika kale. Ndinafunsa dzina lake. Onse akuti samudziwa. Munthu amene anakhala pampando wawo, akumwa madzi m'kapu yawo, samudziwa! Anandipatsa risiti, n'kundiuza monyadira kuti ikaumanso ndibwere, adzakonza ulere.

Pofika Lachinayi kanemayo anali m'magulu a pafoni. Ana amene Taonga amawaphunzitsa aona. Akwaya kutchalitchi aona. Apongozi ake ku Chelstone aona, ndipo atumiza mawu akuti Loweruka tikakhale pansi, zokonzekera ukwati ziyambe zaima. Alangizi ndikawapatsa moni amayang'ana kumbali.

Taonga sakutuluka m'chipinda. Chakudya ndimasiya pakhomo, ndimakachitenga chitazizira. Wandiyankhula kamodzi kokha, chitseko chili chotseka.

"Mami, munakamba kuti azaona amai beka."

Mtima wanga ukuwawa, ndipo ndikulemba izi nditakwiya.

Ba Kelvin, ndikufuna dzina la wafoni uja. Ndikufunanso inu ndi abwana anu Loweruka ku Chelstone, muimirire pamaso pa apongozi, munene ndi pakamwa panu amene anatsegula kanemayo. Inu nonse amene mwamulandira, fufutani. Muli ndi alongo, muli ndi ana aakazi. Ndipo azimayi anzanga, imelo ikauma musasiye kompyuta m'manja mwa munthu. Khalani pompo, maso pa zala zake.

Dzulo mkulu wanga anaimba foni ali pa mpumulo kuntchito, mawu ake achimwemwe. Sakudziwa kanthu. Akuti tsiku lililonse amatsegula imelo, kanema uja sakufika, kodi ndinaiwala?

Lusaka yonse yamuona mwana wake. Amene sanamuone ndi mayi ake okha.

Ba Kelvin, ndiwayankhe chiyani?